Mayi Anakana Kulowa

Mng'ono wanga atakwatiwa ndi Msilamu wogulitsa nsalu ku Limbuli, mayi anatha chaka osaponda pakhomo pake. Ife ndife Akhristu, anthu othyola tiyi, ndipo za Chisilamu tinkazimvera kumunda, kwa anthu amene sanalowepo mumzikiti. Ankati Asilamu amapembedza mwezi. Ankatinso munthu akamwalira amamufinya mpaka matumbo atuluke, madzi omusambitsirawo n'kuphikira mpunga wa pamaliro. Inenso ndinkazinena, mokweza, poti pakamwa panga sipachedwa.

Mng'ono wangayo ankangoseka. "Achemwali, mwezi umangotiuza tsiku loyamba kusala. Timagwadira Mulungu mmodzi, kasanu pa tsiku, ndipo pa chiweruzo tikayankha tonse, inu ndi ine." Ndinkamuuza kuti mpunga wamulowa m'mutu.

Anamwalira Lachitatu m'mawa pobereka, mwananso sanakhale moyo. Uthenga unatipeza madengu ali kumsana. Titafika ku Limbuli tinauzidwa kuti aikidwa tsiku lomwelo, ikangotha swala, pemphero lawo la masana. Ndinapsa mtima. Kwathu maliro amagona, abale amasonkhana, bokosi limatsegulidwa kuti aliyense aone nkhope, ndipo tonse timaperekeza mpaka kumanda. Ndinafunsa mlamu wanga pagulu chimene ankathamangira kubisa. Anangogwetsa nkhope.

Mayi anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, kutali ndi khomo. Apongozi ake a malemu anabwera n'kugwada.

"Asebele, mwanayu ndi wanu. Tiyeni tikamusambitse limodzi."

"Ine ndikaonerere mukufinya mwana wanga?" anatero mayi. "Ndimuona mukamuika m'bokosi. Ndikatsanzikana naye kumanda."

Apongoziwo anayamba kufotokoza kanthu, ine n'kuwadula pakamwa. Ndinati mayi anena kale, ndilowa ndine. Cholinga changa chinali choti ndiwagwire akuchita zawozo.

M'chipindamo munali amayi atatu, ndowa ya madzi ofunda, sopo ndi nsalu zoyera. Anamufunditsa chitenje kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo, ndipo sanachichotse mpaka kumaliza. Mmodzi anakulunga dzanja m'kansalu, anasisita pamimba pang'onopang'ono ngati akutonthoza mwana wam'manja, n'kumutawasa, kumutsuka kumusi. Kufinya kotchuka kuja kunali komweko. Anamusambitsa m'manja, kumaso ndi kumapazi monga ankachitira yekha asanaswali, kenako thupi lonse katatu, kuyambira kumanja. Akamutembenuza ankamugwira mutu kuti usagunde. Madzi otsala anakawataya m'dzenje kuseri, ine ndikuona.

Anandipatsa chipeso. Ndinapesa tsitsi lake n'kuliluka mizere itatu monga anandiuzira, misozi ikundilepheretsa kuona. Manyazi amene ndinachita m'chipinda chimenecho sindinawachitepo kwina kulikonse.

Atamukulunga m'nsalu zoyera zija, zimene iwo amati sanda, anasiya nkhope pamtunda.

"Kaitaneni mayi, mwanangu," anatero apongozi aja. "Tikatseka apa sititsegulanso. Bokosi kulibe, ndipo kumanda kumapita amuna okha."

Ndinathamangira kumtengo kuja. "Mayi, tiyeni. Sanamuchite kanthu, ndaona ndekha. Mukapanda kumuona pano simumuonanso."

"Nawenso akudyetsa?" anandifunsa, n'kuyang'ana kumbali.

Ndinawachonderera kawiri. Kachitatu mtima wanga uja unakwera, ndinati zanu zimenezo, n'kubwerera m'nyumba. Anatseka nkhope ine ndili pomwepo.

Amuna atatuluka ndi chithatha pamapewa, mayi anadzuka, anamanga chitenje n'kuyamba kuwalondola. Pamsewu amayi a pamudzipo anawagwira mikono mwaulemu. Mayi ankafunsa kuti bokosi lili kuti, alitsegulira pati, amusiya bwanji mwana wawo osamuona. Atamvetsa, anadzigwetsa m'fumbi. Kulira kumene analira, anjinga amene ankadutsa anatsika n'kuima.

Papita zaka. Mayi anakalamba, ndikukhala nawo kuno ku Chitakale. Za kufinya anasiya kunena, ndipo wina akaziyamba amamuthamangitsa pakhonde. Koma sipatha sabata osandifunsa kuti ankaoneka bwanji. Ndimawauza zonse: milomo, mphumi, tsitsi, kachipsera ka pachibwano. Amamvetsera mpaka ndimalize.

Kenako amati, "Iwe unali ndi mphamvu. Ukanandikoka."