Tsiku Lomwe Anandiyesa Wakuba pa Mpamba

Kwathu ndi ku Dedza, koma boma linanditumiza kukaphunzitsa masamu pasekondale ina kufupi ndi Mpamba, dera la anthu olankhula Chitonga. Loweruka ndinkathandiza kagulu ka anthu opanga pulogalamu yaulere ya m'zipatala. Ntchito yanga inali kulemba sikiripiti, mndandanda wa malamulo omwe kompyuta imatsata yokha. Yangayo inkafufuza zolakwika m'malangizo a pulogalamuyo: linki yakufa, mutu wosowa, chitsanzo chomwe chinatha ntchito. Pa laputopu yanga inkayenda bwinobwino, koma pa makina a anzanga ena inkakakamira pamzere wachitatu. Ndinayenera kuilembanso m'malamulo wamba oti makina alionse amve.

Netiweki inkagwira bwino pakhonde la golosale ina pamsika. Tsiku lina ndinakhala pamenepo masana, sikirini ili bii, zilembo zobiriwira zikutsetsereka. Sabata yomweyo msodzi wina anali ataberedwa ndi akathyali apafoni. Bambo ameneyo ndi amene anadzaima kumbuyo kwanga.

"Ada, mukuchita chiyani apa?"

"Ndikuyesa kantchito kanga, bambo."

"Nanga manambala akuthamangawa ndi a ndani?"

Ndisanayankhe, anakuwa m'Chitonga: "Munkhungu!" Wakuba. Liwu limenelo ndinkalidziwa.

Akabaza anasiya njinga zawo. Wina anandimenya ndi pampu pakamwa, dzino n'kugwera pamalaya. Anandikokera m'fumbi pondigwira miyendo, n'kumandiponda m'nthiti, ena ndi nsungwi kumsana. Laputopu anaiphwanya ndi mwala ndikuona. Magazi atandidzaza m'kamwa, ndinamva wina akufunsa petulo, ndipo tayala lakutha linabwera likugubuduzika.

Anandipulumutsa ndi mayi wogulitsa ufa wa chinangwa, yemwe mwana wake ndinkamuphunzitsa Folomu 3. Anadzigwetsa pamwamba panga, ufa uli mbuu m'manja.

"Awa ndi asambizi, aphunzitsi a mwana wanga! Mukafuna kuwotcha, muyambe ine!"

Nsungwi inawapeza pamkono, ndinamva fupa likulira. Sanasunthe mpaka apolisi awiri anafika panjinga yamoto.

Ndinagona m'chipatala masabata awiri, nthiti zitatu zitathyoka. Sikiripiti ndinadzaimaliza pakompyuta yakale ya kusukulu, ndikulemba ndi dzanja limodzi poti linalo linali lisanapole, ndipo inayenda kwa onse. Ahedi anati ndipemphe kusamutsidwa, koma sindinapemphe. Mkono wa mayi aja sunawongokenso. Mpaka lero amadzitwika beseni ndi dzanja lamanzere, ndipo ndikati ndiwathandize amandikalipira.