Kiyi Imene Kompyuta Inataya

Mwana wanga wamkazi ankalembera anthu makalata pa kompyuta kuno ku Nkando: a ntchito, a kukhoti, ena a mabanja otha. Ankagwirira m'nyumba mwathu momwe, pa magetsi a sola. M'mawa akaiyatsa, ankayendetsa mausi uku ndi uku, n'kumadinanso mabatani mwachisawawa.

"Iwe, ukupera mchere kapena?" ndinamufunsa tsiku lina.

Anaseka. "Amayi, ikufuna manambala osalongosoka oti munthu sangawalote. Ndi amene imapangira kiyi."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, poti ine sukulu ndinalekera sitandade 4. Akuti kompyuta ikachulukidwa zochita, zina imayamba yaziika pa malo ongoyembekezera. Malowo iye anawakonza kuti azikhomedwa ndi kiyi yatsopano ikangoyaka, ndipo ikazima kiyiyo izitayika.

"Za anthu zisamatsale mbwee," anatero mwanayo. " Mwaiwala kuti apongozi a anthu amabweranso pompano?"

Sabata yake yomaliza ankalemba kanthu kena. Anati ndi kanga, andiwerengera akamaliza. Ndikamuchonderera ankangoti, "Dekhani, mayi inu, simuchedwa kulira." Anadwala mwadzidzidzi, kompyuta anaisiya yosazimitsa. Tinapita naye kuchipatala ku Boma, ndipo sanabwerenso wamoyo.

Kwathu kuno maliro akachitika timatulutsa katundu pabalaza kuti azimayi apeze pokhala. Achimwene anga ndiwo anatsogolera ntchitoyo. Anazula mawaya onse, kompyuta n'kuikulunga bwinobwino m'chitenje kuti isalowe fumbi.

Titasesa, ndinainyamula pa minibasi kupita kwa mayi wina wokonza makompyuta ku Boma, amene anaphunzira limodzi ndi malemuwo. Anafufuza nthawi yaitali. Makalata osungidwa anawapeza onse, koma kanga kaja panalibe.

"Amayi, zikuoneka kuti anali asanasunge. Ngati kena kanatsalira pa malo aja, kiyi yake inapita pamene munazimitsa."

"Inu simungaipangenso?"

"Ayi. Ngakhale mwini wake sakanatha. Anaikonza bwino zedi."

Ndinadzuka pa benchi. Kenako ndinamuthokoza, n'kukulunganso katundu wanga.

Nditatsika pa Nkando ndinapeza achimwene akundidikira ndi njinga. Anandifunsa ngati mawu a mwana apezeka. Ndinayang'ana manja awo, omwe aja anakumba nawo manda, ndipo ndinawayankha kuti mwanayo anali asanayambe n'kulemba komwe. Mpaka lero amadziwa choncho.