Nthungululu za a Nabanda zasokoneza kompyuta

Moni nonse apabanja, lero Mulungu watichitira zazikulu.

Nyimbo ya kwaya yathu ya amayi imafunika kuperekedwa lero kwa oweruza mpikisano kuno ku Katete, yolembedwa m'manotsi. Mwana wanga Tiyanjane ndiye anailowetsa mu kompyuta, ife tikuimba, iye akuliza kiyibodi, makinawo akulemba okha.

Tikuti tipulinte, pakati pa nyimbo pangooneka timabokosi topanda kanthu, mizere yokhayokha ngati munda wosadzala. Iye akuti, "Amama, apa atibweza, aziti nyimbo ndi yosamalizidwa." Wazimitsa kompyuta, wayatsanso, timabokosi tili pomwepo. Ine ndimangopemphera chamumtima.

Kenaka anati tiimbenso, iye akulondola manotsiwo ndi chala. Chala chitangofika pamenepo, a Nabanda, mtsogoleri wathu, anayamba nthungululu zawo za masiku onse. Tiyanjane anaseka mpaka misozi. Kani nthungululu zikayamba iye amachotsa manja pa kiyibodi, ndiye kompyuta imayesa kuti tangokhala chete.

Wafufuta timabokosito ndipo nyimbo ailandira. Ambuye alemekezeke.

Koma a Nabanda akwiya, ati tawafufuta m'nyimbo. Inu mukuti bwanji, tsiku la mpikisano alulute kapena adzigwire?