Zala Zothyola Tiyi pa Ukulele

Ukulele ndinayamba kuigwira ndili ndi zaka makumi asanu. Mwana wanga wamkazi anaigula pa kaunjika ku Limbe, kagitala ka nsambo zinayi, kuti ndizicheza nako. Ine mtima unali pena. Chinkhoswe chake chinali chitatsala miyezi itatu, ndipo ndinkafuna kumuimbira nyimbo imodzi ndi manja angawa. Ndi manja omwewa amene anandipempha kuti ndibise m'chitenje tsiku lina nditakamuona ku sekondale, chifukwa ndi akuda ndi ong'aluka.

Ndathyola tiyi kuesiteti kuyambira ndili mtsikana, ndipo zala zanga zimadziwa chinthu chimodzi: kutsina nsonga n'kukoka. Mphunzitsi wa muvidiyo ya pafoni ankakhwekhwereza nsambo zonse ndi chala chimodzi. Ine ndikati ndiyesere, zala zinkangotsina ngati masamba. Sabata isanathe, nsambo imodzi inaduka.

Bambo akunyumba, amene amapalasa kabaza ku Luchenza, anaseka mpaka misozi.

"Mayi, nsambozo simukayezetsa pasikelo ayi. Zisiyeni zikule!"

Atatha kusekako anatenga waya wa buleki n'kumangapo, monga ankachitira pa banjo ya chigubu kalekale. Atangokunga, kathabwa kogwira nsambo kanazuka. Ndinalira, osanama. Manyazi atawagwira, anakamatitsa kwa kalipentala, n'kubwera ndi chingwe cha mbedza.

Zokhwekhwerezazo ndinazisiya. Zala izi zalera ana anayi, ndizisinthe lero chifukwa cha vidiyo? Ndikaweruka, ndikatula dengu, ndinkakhala pakhonde kumatsina nsambo ziwiriziwiri, nyimbo yomweyomweyo, mpaka aneba anatopa nayo.

Tsiku la chinkhoswe ndinaimirira ndi kagitala kanga. Ndinaphonya poyambira, n'kuyambiranso. Anzanga akumunda anakhala kutsogolo, ndipo mmodzi atayang'anitsitsa dzanja langa anakuwa:

"Taonani inu, akuthyola tiyi awa!"

Nthungululu zinabuka. Azimayi anadzuka kuvina, manja akuthyola m'malere, akuponya kumsana ngati kuli dengu. Ndinaimba mpaka kumapeto osaphonyanso, ndipo ndinadzimva kukoma.

Mwana wanga, amene mwambo umati azingoyang'ana pansi, anadzuka pampando. Anagwira dzanja langa lakudalo n'kulikweza m'mwamba, akuchimuna onse akuona.

"Awa ndi amayi anga," anatero.