Ndinakana umboni wa Abiti Saidi

Ndikakumbukira Abiti Saidi, ndimamva fungo la anyezi ndi mafuta otentha pakhonde pawo ku Kapata, m'tauni ya Chipata, pomwe ankakazinga samusa atakhala pakampando kopendekeka, akukalipira nkhuku zathu m'Chiyao ngati zinkamva. Anali Msilamu, makolo awo ochokera ku Malawi, ndipo pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali mpanda wa udzu basi. Mpandawo sunkabisa kanthu. Bambo anga akasuta chamba n'kuyamba kumenya amayi, Abiti Saidi ankapatula udzu, kundikoka dzanja, n'kundikhazika pafupi ndi mbaula. "Pinda samusa, Esnati. Makutu akhale kuno."

Amayi atathyoledwa mkono anabwerera kwawo ku Chipangali, n'kukasuma kukhoti kuti anditenge. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anthu onse oyandikana nafe ankadziwa zochitika kwathu, koma nkhani ya umboni itabwera aliyense anapezeka ali ndi maliro oti apiteko. Abiti Saidi okha ndi amene anasiya kukazinga, anavala mpango wawo wa Lachisanu n'kupita.

M'mawa wa tsiku la mlandu, azakhali, mlongo wa bambo, anandiluka tsitsi kwinaku akundilangiza. "Mwana woleredwa bwino sachititsa manyazi atate ake pagulu. Ukalankhula awamanga, ndipo wowamangitsa udzakhala iweyo."

Kukhoti Abiti Saidi anafotokoza zonse, za chamba, za mkono, za masiku amene ndinkathawira kwawo. Kenako woweruza anatembenukira kwa ine. "Esnati, zimene anena amayiwa n'zoona?"

Ndinayang'ana bambo. Anavala jekete yobwereka, akundimwetulira.

"Ayi, akunama. Adadi sanamenyepo amami."

Abiti Saidi akanandikalipira bwenzi zili bwino. Koma panja anangondikonza kolala ya diresi n'kunena kuti, "Wachita mantha, mwanangu. Pita bwino."

Khoti linandipereka kwa bambo ndipo tinasamukira ku Madzimoyo. Dzanja limene linkagwera amayi linayamba kugwera ine, mpaka patapita zaka zitatu bambo anamangidwa pa mlandu wina, amayi n'kudzanditenga. Ndinadzamva kuti ku Kapata anthu ankawatcha Abiti Saidi wopasula mabanja, wonamizira anthu mpaka mwana kuwatsutsa, ndipo ambiri anasiya kugula samusa zawo.

Ndikukula ndinkabwera ku Chipata kawirikawiri, koma njira ya kwawo ndinkailambalala chifukwa cha manyazi. Ndinkati ndidzapita ndikayamba ntchito, nditagula chitenje chabwino. Tsiku limene ndinapita nacho, pakhonde panali mayi wina akuchapa, ndipo anandiuza kuti gogo wa samusa uja anamwalira chaka chatha.

Amayi anandikhululukira kalekale, amati ndinali mwana. Mwina n'zoona. Koma zimandipwetekabe. M'khoti monse muja munthu mmodzi yekha wosakhala m'bale anaimirira chifukwa cha ine, ndipo ndinamutcha wabodza. Anapita kumanda mawu amenewo ndisanawabweze.