Mzere wa Opepesa

M'mudzi muno mukafunsa za Alembi, ngakhale mwana wamamina akulozerani nyumba ya zenera lobiriwira pafupi ndi siteji ya basi. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chitupa. Anthu atangozindikira kuti mayiwa amalemba zilembo zoima bwino ngati za m'buku, anawakankhira ulembi wa komiti ya chitukuko, ndipo palibe amene anaganizapo zowalanda. Ndani angalimbirane ntchito yopanda malipiro?

Komitiyo imakumana Lachitatu loyamba la mwezi, m'kalasi ya Sitandade 2 ana akaweruka. Akuluakulu aimvi amadzipanikiza m'madesiki, mawondo akugunda thabwa, n'kumakambirana za mjigo wowonongeka, za mbuzi zolowa m'munda wa sukulu, ndi za msewu umene khonsolo imaukumbukira mvula ikayamba kale. Alembi amakhala pa tebulo la aphunzitsi ndi buku lachikuto chakuda, bolopeni ataimangirira ulusi, chifukwa pamsonkhano bolopeni imamera miyendo.

Pemphero likatha amawerenga mayina a obwera, kenaka a opepesa, ndiye kuti mamembala amene alephera kufika koma atumiza mawu. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mwezi ndi mwezi, Alembi ankawerenga mzere umodzimodzi: "Opepesa: a Kalipentala."

A Kalipentalawo ndi amuna awo. Anali munthu wansangala, wonunkhira utuchi, pensulo yosachoka pakhutu. Anzawo ankawatcha a Bwerani-Mawa, pakuti chitseko chimene akulonjeza Lolemba unkachiona mwezi utatha. Pa msonkhano wawo womaliza anaimirira n'kupereka ganizo loti pasiteji pamangidwe kashedi, odikira basi asamanyowe. Anthu anaomba m'manja, Alembi n'kulemba kuti, "A Kalipentala abweretsa miyeso pa msonkhano wotsatira." Sabata yomweyo bamboyo anakwera basi kukakhoma denga la sitolo ina ku tauni, ntchito ya miyezi itatu. Chaka choyamba foni inkalira Lamlungu lililonse. Chachiwiri, mwa apo ndi apo. Kenaka inayamba kuyankhidwa ndi mayi uja wa m'makina wonena kuti nambalayo siikupezeka. Wina anati anawaona pamsika, atanenepa, atanyamula kamwana. Kunena mosapsatira, a Kalipentala anatchona.

Tsono lamulo la komiti limati membala akajomba katatu osapepesa, afufutidwe m'buku. Miyezi yoyambirira ankapepesadi pafoni. Mawu atasiya kubwera, dzanja la Alembi silinasiye. Apampando, omwe ndi akulu awo a Kalipentala, ankangoyang'ana kudenga n'kuti, "Tamva, tipitirire." A Telala okha, amene mawu sawaolera m'kamwa, ndi amene ankanong'oneza woyandikana naye kuti, "Munthu waulemu ngati ameneyu kulibe. Kupepesa zaka zonsezi osatopa!"

Zoti Alembi ankawasowa amuna awo musachite kufunsa. Tepi yoyezera inali ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Mpando umene bamboyo anausiya ndi miyendo itatu unali pakona, atautsamiritsa kukhoma. Basi ya 4 koloko ikamveka kubuula pachitunda, Alembi ankapeza chotulukira: kutaya madzi otsukira mbale, kuanula nsalu yomwe sinaume, n'kupezeka aima pasiteji ngati akungodutsa. Ana awo, omwe tsopano ali pamabanja, sankafuna n'kumva komwe za bambo awo. Choncho kalasi ija inali malo okhawo amene mayiwa ankatha kuwatchula mokweza pamaso pa anthu, ngati munthu amene wangochedwa panjira.

Chisankho chinabweretsa khansala watsopano, mayi wachitsikana wamagalasi, woyenda pa njinga yamoto. Paja mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Anafika ndi nkhani yabwino: khonsolo ipereka malata ndi simenti kwa midzi imene ili ndi ntchito yaing'ono yokonzeka. Chofunika n'chakuti membala aliyense asayine yekha pafomu, ndipo amene saoneka achotsedwe. Anatsegula buku lakuda lija n'kumapita nalo tsamba ndi tsamba.

"Mayi, buku lanu ndi laukhondo kuposa la ku ofesi kwathu," anatero khansalayo. "Kashedi aka kakhoza kuvomerezedwa. Koma a Kalipentala opepesapepesawa ali kuti? Mwezi wamawa abwere adzasayine, apo ayi fomu ibwezedwa."

Mtsikanayo sananene mwankhanza, kungoti sankadziwa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti akumanenso, Apampando anafika kunyumba ya zenera lobiriwira. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo, n'kuyamba ndi za mvula, za bondo lawo, mpaka nkhani zinawathera.

"Mlamu, mawa tilembe zoona," anatero. "Uja ndi mng'ono wanga, inenso ndimamusowa. Koma malata akapita mudzi wina, anthu atidya amoyo."

"Ndamva, alamu. Koma ndikawafufuta, akabwera adzakhala pati?"

"Adzadzipanikiza pa desiki ngati tonsefe. Abwere kaye."

Alamuwo atapita, Alembi anatsitsa kalendala yakale n'kuitembenuza. Saini ya amuna awo ankaidziwa bwino lomwe, ndi kamchira kake kopindikira m'mwamba. Anayesa kamodzi, inatuluka ndendende. Khansala sakanazindikira, ngakhale ku khonsolo komweko. Anaiyang'ana nthawi yaitali, mtima ukuwawa, chifukwa inkaoneka ngati mwiniwake wangotuluka kumene m'nyumbamo. Apa ndi pamene anaona chimene akhala akuchita: zaka zonsezi ankadzipepesa okha, m'malo mwa munthu amene anasiya kalekale kunena kuti "pepa". Analira pang'ono, kenaka anakoloweka kalendala ija pamalo pake.

Lachitatu kunagwa mvula yamvumbi. Mamembala analowa akukutumula maambulera, khansala atafunda pepala lapulasitiki. Pemphero litatha, Alembi anawerenga obwera mmodzimmodzi, mawu ali bwinobwino. Atafika pa mzere wotsatira anaima. Denga linkadontha m'chitini chimene aphunzitsi anatchera pakona.

"Opepesa," anatero. "Palibe wapepesa."

A Telala anaweramitsa mutu, tsiku limenelo nthabwala zinawathawa. Apampando anatsokomola kawiri n'kuti, "Tamva, tipitirire." Fomu inazungulira, aliyense anasayina, ndipo Alembi anatenga rula n'kudula mzere umodzi wowongoka pa dzina lija.

"Chatsala ndi miyeso ya kashedi," anatero khansala. "Fomu ndipita nayo lero. Ndani athamangire kusiteji?"

A Telala anayamba kupapasa m'thumba kufuna tepi yawo yoyezera mathalauza, koma Alembi anayankha osadzutsa mutu.

"Kuchokera pa chikwangwani kufika pa ngalande ndi masitepe asanu ndi anayi. Kuchoka mumsewu kulowa m'kati, anayi. Mvula imaomba kuchokera kusukulu kuno, ndiye khoma likhale mbali imeneyo. Pakati pali mwala wofunika kuuzula, umapunthwitsa."

"Munayeza liti zimenezi, mayi?" anafunsa khansala, akulemba mofulumira.

"Tsiku lililonse, 4 koloko."

Bolopeni ya khansala inaima. Anayang'ana Alembi, n'kuyang'ana Apampando, kenaka anapitiriza kulemba. Apampando anapukuta m'maso ndi chipewa, ngati ndi madzi a mvula.

"Nanga benchi, mlamu," anafunsa motsitsa mawu, "liyang'ane kuti?"

Alembi anali atalemba kale m'buku. Anangowerenga zimene analembazo: "Benchi liyang'ane kuchitunda, kumene basi ya ku tauni imatulukira."