Uthenga wa Mapaipi Umene Ndinaufewetsa

Inu owerenga, amene amandidziwa angadabwe kumva kuti ndalemba zoti anthu ambiri awerenge. M'kalasi ndimakhala kumbuyo, ndipo zimene ndalephera kunena pakamwa ndimakazilemba m'kabuku kanga ndikaweruka. Koma manyazi omwewo anatsala pang'ono kutseketsa ntchito ya amayi anga. Ndinapatsidwa uthenga wolimba, ine n'kukaufewetsa.

Timakhala ku Masiphumelele, kunja kwa dziko lathu. Amayi amapanga makeke a ukwati m'kachipinda ka kumbuyo kwa shopu ina ku Fish Hoek, kamene amachita lendi pamodzi ndi achimwene awo, amalume anga. Amayi amaphika ndi kukongoletsa, amalume amalandira maoda ndi kukasiya makekewo pagalimoto. Kachipindako n'kamalata, muli uvuni, ndiye mu Disembala mumatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Popanda eyakoni, makina oziziritsa mpweya aja, kirimu amasungunuka keke isanatuluke ndi pakhomo pomwe.

Adadi amaika ndi kukonza maeyakoni pa kampani ina ku Epping. Eyakoni yakale ya m'kachipindamo itafa, anabwera kudzaiona ine ndili pomwepo. Anamasula paipi imodzi kuseri kwa khoma, napukuta kukamwa kwake ndi kansalu koyera. Kansaluko kanada bii. Anandinunkhiritsa, ndipo fungo lake linali lowawa ngati la waya wopsa. Anandiuza kuti kompresa, umene ndi mtima wa makinawo, inapsa mkati.

Amalume anagula eyakoni yatsopano, ndipo adadi anayenera kuiika Loweruka. Lachisanu m'mawa kunabwera foni yoti agogo adwalika ku Ntcheu. Adadi anaimbira amalume, koma sanayankhe, anali pamsewu. Adadi anaona kuti kuwalembera alamu awo meseji yowaletsa chinthu ndi mwano, choncho akumanga chikwama anatuma ine.

"Ukawauze amalume ako asalumikize makina atsopano ku mapaipi akale aja," anatero. "Mafuta akuda aja atsalira m'menemo, akalowa m'makina atsopano awapha. Adikire ndibwere, kapena agule mapaipi ena. Asayerekeze. Wamva?"

Ndinavomera kuti ndamva. Basi yopita kumudzi imayenda masiku, ndipo itangodutsa malire foni ya adadi inati zii.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinawapeza amalume ataima ndi azibambo anzawo. Inu owerenga amene munaleredwa kwathu mukudziwa kuti amalume ndi ndani. Ndiwo eni mbumba. Kodi ine, mwana wa mlongo wawo, ndikanayamba bwanji kuwauza pamaso pa anthu kuti asayerekeze? Ndinanyonyomala chapatali, ndipo zimene zinatuluka pakamwa panga n'zoti adadi amati mwina zikanakhala bwino kudikira pang'ono, ngati n'kotheka. Za mafuta akuda sindinatchule. Za kompresa yopsa sindinatchule.

Amalume anaseka mwachikondi. "Alamu anga aja ndi chizungu chawo! Ndiye keke ya Loweruka likubwerali idikire basi ya ku Ntcheu?" Azibambo aja anaseka nawo, ine n'kubwerera kwa amayi ndikudziuza kuti uthenga ndapereka.

Lolemba amalume anabwera ndi mmisiri wina, bambo wa ku Harare amene makolo ake anachokera ku Dedza. Sindikufuna kumunamizira munthuyo, chifukwa anafunsa. Ine ndinali pasinki kutsuka mathini a keke, ndipo ndinamumva akufunsa kuti makina akalewo anafa bwanji. Amalume anayankha kuti ndi ukalamba basi, ndipo sankanama, ndi zimene ankadziwa. Mmisiriyo anati mapaipi atsopano angafune kuboola khoma ndi kukapempha kwa eni nyumba, pamene akalewo kukula kwake kunali kofanana ndi kwa makina atsopano. Anawalumikiza. Ine ndinapitiriza kutsuka thini imene inali itayera kale.

Mphepo yozizira inatuluka, amayi anaomba m'manja, amalume n'kunena kuti paipi ndi paipi. Tsiku limenelo m'kabuku mwanga ndinangolembamo za sukulu.

Lachinayi nditaweruka ndinapeza kachipindako kali kokha, amayi ndi amalume atapita kukagula maliboni. Keke ya ukwati wa Loweruka inali patebulo, yosanjikiza, maluwa ake a kirimu atamalizidwa mbali imodzi. Koma mphepo ya eyakoni inali yofunda ngati mpweya wa munthu. Ndinazungulira kuseri. Makina a eyakoni amene amakhala panja ankalira mobuula, ndipo pamfundo ya paipi panali ponyowa. Ndinapukutapo ndi kampango kanga n'kununkhiza. Linali fungo lomwe lija.

Ndinaima pamenepo n'kulingalira. Kuzimitsa kunali kuika keke ya eni ake pa moto. Kusiya kunali kupha makina amene ntchito yonse ya amayi imadalira, nyengo ya maukwati itangoyamba kumene. Ndinalowa m'kati n'kuzimitsa pa switchi yaikulu ya pakhoma.

Atabwera, amalume anamva kutentha ali pakhomo. Anafunsa kuti wazimitsa ndani, ine ndinati ndine. Kenako ndinagwada pansi pa switchi ija n'kunena uthenga wonse monga mmene adadi anandiuzira, mpaka mawu omaliza aja.

"Iwe! Ukundiuza ine kuti ndisayerekeze?"

"Si ine, amalume, ndi adadi. Ine ndinangochotsako mawuwo Lamulungu lija."

Anatambasula dzanja kuti ayatse, koma kuti afike pa switchi anayenera kundilumpha, ndipo ine sindinasunthe. Misozi inkatsika, maso ndinali nditayang'ana pansi monga ndinaphunzitsidwira, koma sindinasunthe. Amayi ndi amene anadula nkhani. "Achimwene, mwanayu chibadwire munamumvapo akulankhula motalika chonchi? Muitaneni mmisiri uja."

Mmisiriyo atabwera anamasula mfundo ija, napukuta, nayang'ana kansalu kake. "Maiwe, mudhara!" anatero kwa amalume m'chilankhulo cha ku Harare. "Bwanji simunandiuze kuti yakale ija inapsa?" Amalume anayang'ana ine, ndipo ndinayankha ndekha kuti wodziwa ndinali ine. Bamboyo anapukusa mutu, nati makinawo akanagona akulira chomwecho, mawa lake tikanakamba za maliro.

Musaganize kuti zinatha mopanda mtengo. Keke ija tinaiphwasula, chigawo chilichonse n'kukachisungitsa m'firiji ya mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Masiphumelele, eni ake atatulutsa ndiwo zawo ndi mashelefu omwe. Maluwa a mbali ija anagwa, ndipo amayi anakawapanganso m'mawa wa ukwati mu holo momwemo, azakhali a mkwatibwi atawaimirira kumsana akung'ung'udza. Oda ya sabata yotsatira anaikana. Amayi sanandikalipire, koma ndinaona nkhope yawo pamene ankaika foni pansi atakana odayo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Mmisiri uja anabweranso ndi mapaipi a kopa atsopano, eni nyumba atalola kuboola khoma. Anatsuka makinawo m'kati, naika gasi wina. Adadi atabwerako, agogo atapezako bwino, anapita kuseri kuja asanatule ndi chikwama chomwe. Anaika dzanja pa makinawo n'kumvetsera nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana nati, "Ili moyo. Akuti unagwada pa switchi?" Ndinagwedeza mutu. Anaseka mpaka anakhala pansi pa ndowa.

Sindibisa, ndimanyadira. Ndikalowa m'kachipindamo, mphepo yozizira n'kundiomba kumaso, amayi akuimba nyimbo zawo za kwaya uku akufinya maluwa a kirimu, ndimadziwa kuti dzanja langa lilipo pamenepo. Ine amene ndimaopa ngakhale kufunsa chenje mu takisi.

Koma ndikanalankhula Lamulungu lija, sipakanafunika kulimba mtima kwa Lachinayi. Choncho inu amene mukusintha eyakoni, musanagwiritsenso ntchito mapaipi akale dziwani kaye kuti makina akalewo anafa bwanji. Adadi amati mapaipi akale si oipa onse, iwonso amawasiya pamene kukula kwake kuli koyenera, atawatsuka ndi kuwayesa ngati sakutaya gasi. Koma ngati kompresa inapsa, muuzeni mmisiri asanagwire sipanala.

Ndipo inu atsikana anzanga amanyazi, amene mumatumidwa kwa akuluakulu: gwadani, yang'anani pansi, tsitsani mawu mmene mungathere. Ulemu umenewo ndi wathu, musautaye. Koma uthenga si wanu woti muuchepetse. Uperekeni wathunthu, ngakhale uli ndi minga.

Masiku ano ndikapita kwa amalume ndi uthenga, amayamba aika pansi chimene agwira. Kenako amati, "Chabwino, mayi wa switchi. Nena mmene akuuzira, usandithirire shuga."